Musalire Italy, Chadiza ili pafupi

Masiku ano ukatsegula foni upeza chabe vithunzi va ku Italy: ka tauni pamwamba pa phiri, machalichi akale, dzuwa ikulowa. Aliyense ati, "Ambuye, nipelekeniko kuja!"

Zoona, tauni monga Assisi ni yabwino maningi. Chalichi ya Francis Woyera anayamba kuimanga mu 1228. Mu 1997 chivomezi chinagwetsa mbali ya denga, koma eni ake anatola tuzidutswa twa vithunzi va pa denga kamodzi-kamodzi nakubwezerapo. Pofika 1999 chalichi inatsegulidwanso. Chinsinsi chao ni chamene icho: vakale sataya.

Manje ise bwanji? Imwe akum'mawa a ku Chawama, Kanyama na Mtendere, kwanu mukudziwa bwino? Ku Chadiza kuli Nsadzu, mishoni ya Dutch Reformed yamene inatsegulidwa mu 1908, zaka 56 Zambia isanapate ufulu. Kumeneko ndiye kunali kusungidwa odwala khate pamene ena anali kuwathawa. Kulinso Naviruli, mishoni yakale ya Akatolika. Mukapitilira ku Chipata mupeza Magwero, ya mu 1899, kwamene kunayambira sukulu ya osaona mu 1905. Mapiri nayo yalipo mbwee, osalipilitsa olo ngwee imodzi.

Vuto ni yakuti ise chakale timachiona monga umphawi. Mpingo ukapezako tundalama, mwamsanga tifuna kugwetsa chalichi ya njerwa zootcha kuti timange ya mabuloko na matailosi. Nayenso agogo amene adziwa anaumba njerwa zija, na amene anali kuliza belu, akutha mmodzi-mmodzi. Akapita, nkhani yapita nao kumanda.

So mu August, mukapita ku Kulamba ku Mkaika, onjezerani tsiku imodzi mufike ku Chadiza. Yambani mwaonekera kwa abusa olo kwa abambo mfumu, musangolowa monga mbuzi m'munda wa eni. Atsikana, chitenje m'chikwama. Pezani mkulu wa mpingo wokalamba, mumugulileko shuga, mumufunse mafunso, foni ili pa record. Cha m'ma 17 hours kwerani ka phiri kali pafupi, muone midzi na madimba dzuwa ikulowa, mujambule.

Visa siifunika, ni ya basi chabe. Ndipo mukaposta, lembani dzina ya malo na chaka chake, a ku Italy naonso akhumbireko kwathu.