Chichewa Sichikusowa Mawu a Fizikisi, Chikusowa Ofuna Kugwira Ntchito

Pali bodza lomwe lakhazikika m'makalasi kuyambira ku Zomba, ku Chipata mpaka ku Tete, lakuti fizikisi singaphunzitsidwe m'Chichewa chifukwa chinenerochi chilibe mawu ake. Olifalitsa si anthu wamba. Ambiri ndi odya mabuku, ndipo umboni womwe amaukonda ndi umodzi: Chingerezi chimasiyanitsa "distance" ndi "displacement", "speed" ndi "velocity", pamene Chichewa chili ndi mtunda ndi liwiro basi. Akanena zimenezi amapinda manja ngati mlandu watha. Mlanduwu sunathe, ndipo ukazengedwa bwino iwowo ndiwo agonja.

Phunziro loyamba la kayendedwe ka zinthu limati malo a chinthu sangatchulidwe popanda poyezera. René Descartes atasonyeza mu 1637 kuti malo akhoza kufotokozedwa ndi manambala, manambalawo ankawerengedwabe kuchokera pamalo ena osankhidwa. Mwana wa Chichewa amachidziwa chimenechi asanalowe m'kalasi. Sangatchule malo osasankha pakati pa pano, apo ndi paja, kuno ndi uko, muno ndi umo. Akati munthu "akubwera" kapena "akupita", wanena kale pamene iye waima. Magulu a mayina a pa-, ku- ndi mu-, omwe Chingerezi chilibe, amamukakamiza kusiyanitsa pamalo, kodera ndi mkati. Chinenero chotere n'kuchitcha chosauka pa nkhani ya malo ndi kusachidziwa.

Galileo analemba mu 1632 kuti munthu wotsekeredwa m'chipinda cha chombo choyenda mosagwedezeka, pa liwiro losasintha, sangadziwe ngati chombocho chikuyenda kapena chaima. Wokwera Ilala nyanja itadekha akhoza kuikira umboni: kwa mnzake wokhala pambali pake iye wakhala phee, koma kwa msodzi wa pagombe akuyenda. Msodziyonso sanaime, pakuti dziko likumuzungulitsa dzuwa pa liwiro la makilomita pafupifupi 30 pa sekondi. Kodi m'ziganizo zimenezi mwasowa mawu ati?

Nanga mtunda? Mayi akachoka pakhomo n'kuyenda makilomita 3 kum'mawa kupita kuchigayo, kenako makilomita 4 kumpoto kupita kumsika, mtunda womwe wayenda ndi makilomita 7, koma wasuntha makilomita 5 okha kuchokera poyambira. Akadula njira molunjika kubwerera kwawo, miyendo yaponda makilomita 12, koma kusuntha kwake ndi ziro. Kuyenda ndi kusuntha: mawu awiri omwe agogo amawadziwa, ongofunika kuwapatsa malire.

Kuika malire n'kumene Chingerezi chinachitanso. Mawu akuti "velocity" anachokera ku Chilatini, ndipo ankangotanthauza kufulumira. Ndi akatswiri a sayansi omwe anagwirizana kuti azitanthauza liwiro pamodzi ndi kolowera. Mabasi awiri ochoka ku Lilongwe pa makilomita 80 pa ola, ina kulowera ku Mchinji, ina ku Salima, liwiro lawo n'limodzi koma kolowera n'kosiyana. Ngati Azungu anakhala pansi n'kusula tanthauzo, choletsa olankhula Chichewa kuchita chimodzimodzi n'chiyani?

Penanso Chingerezicho chimasocheretsa. Wophunzira akamva "acceleration" amaganiza zowonjezera moto, pamene m'fizikisi galimoto yomanga mabuleki, kapena yokhota pa liwiro losasintha, ilinso m'gulu lomwelo. Mphunzitsi akanena kuti ndi kusintha kwa liwiro kapena kwa kolowera pa sekondi iliyonse, chisokonezocho chatha.

Otsutsa ali ndi mfundo imodzi yoona: palibe mgwirizano. Mphunzitsi wa ku Dedza, wa ku Katete ndi wa ku Angónia akhoza aliyense kupeka mawu akeake, ngakhale kalembedwe kawo sikafanana. Koma vuto limenelo ndi la akuluakulu osafuna kukhala pamodzi, osati la chinenero. Kubwereka mawu sikolakwa. Mita, sekondi ndi kilomita zinalowa kalekale ndipo palibe amadandaula. Cholakwa ndi kuganiza kuti mwana woloweza mawu achilendo wamvetsa chinthucho.

Mtengo wa bodzali amalipira ndi ana. Mtsikana amene amadziwa kuwerengera nthawi yoti adutse msewu galimoto isanafike amauzidwa kuti alibe mutu wa sayansi, chonsecho chomwe chamugwetsa ndi chiganizo cha Chingerezi, osati masamu. Chingerezi achiphunzire ndithu, pakuti mayeso ndi mabuku zikuchifuna. Koma ganizo liyambe lamera m'chinenero chomwe amaganizira. Amene akuti Chichewa sichingayeze liwiro ayambe ayesa kuphunzitsa phunziro limodzi lokha m'Chichewa, kenako anene mawu omwe anawasowa.