Chitsime chikutulutsa bwino, koma bwino kwa ndani?

Pa luso lawo, mainjiniya a gasi sindingakangane nawo. Amadziwa kuti gasi amatuluka yekha m'chitsime chifukwa chopanikizika pansi pa nthaka, ndipo akamatuluka, mphamvu yomukankhayo imanka ichepa. Amadziwanso kuti ukatsegula chitsime mwadyera, madzi a pansi amakwera n'kuchitsamwitsa, gasi wina n'kutsalira m'miyala mpaka kalekale. N'chifukwa chake amayeza tsiku ndi tsiku, amatsekako apa n'kutsegulako apo, amakumba zitsime zina pakati pa zakale, amaika makina opanikiza gasi kuti aziyendabe m'paipi. M'malipoti awo, zonsezi amati ndi kukonza katulutsidwe kuti kakhale kabwino koposa. Ine ntchito yanga ndi yomasulira, ndiye mawu akuti "kabwino" sandidutsa msanga. Kabwino kwa ndani?

Taonani Pande ndi Temane, m'chigawo cha Inhambane ku Mozambique. Kuyambira 2004, kampani ya Sasol yakhala ikutumiza gasi wa kumeneko kudzera m'paipi ya makilomita 865 mpaka ku Secunda, ku South Africa. Zaka makumi awiri zadutsa, zitsime zayamba kuphwa, ndipo amene akulira mokweza ndi eni mafakitale a kutsidya kwa malire. Mabanja ambiri a m'midzi yoyandikana ndi zitsimezo alibe choti alirire: ankaphikira nkhuni ndi makala paipi isanabwere, akuphikirabe zomwezo lero.

Mundiuza kuti boma limalandirapo misonkho, ndiponso kuti gasi wina amapanga magetsi ku Ressano Garcia. Sindikana. Koma siteshoni yaikulu ya magetsi ya ku Temane komweko anayamba kuimanga paipi itagwira kale ntchito zaka zoposa 15. Kumeneko ndi kuitana mwininyumba alendo atatha nyama, mumphika mutatsala msuzi.

Gasi si chimanga choti udzadzalanso dzinja likubwerali. Choncho liwiro lomutulutsira si nkhani ya mainjiniya okha. Chitsime chomwecho ungachikame msanga kuti wogula wakunja akhute lero, kapena ungachikame pang'onopang'ono kuti mafakitale a dziko lako adzapeze chotsala. Injiniya angathe zonse ziwiri. Amangotsata zimene mgwirizano wanena, ndipo mgwirizanowo amasaina ndi andale.

Tsopano maso ali ku Rovuma, kumpoto, komwe Coral Sul yakhala ikutumiza gasi kunja pa sitima kuyambira 2022. Lipoti lililonse lotamanda katulutsidwe ka kumeneko lizinenanso poyera kuti gasi wotsalira anthu a ku Cabo Delgado ndi wochuluka bwanji, ndipo adzamulandira chaka chiti.