Mwana akafuna kusewera baseball ku koleji, tisayambe ndi dzina la sukulu

Pa chikondwerero cha 6 July chaka chino, titamaliza kudya, ndinakhala pambali ndi bambo wina amene takhala tikupemphera limodzi kwa zaka zambiri. Mwana wawo wamwamuna akulowa giredi 12, ndipo wakhala akusewera baseball kuyambira ali wamng'ono. Bambowo anatulutsa foni n'kundionetsa makalata awiri. Yoyamba inachokera ku yunivesite yotchuka, ya zija timaziona pa TV, ndipo inkati mnyamatayo atha kubwera kudzayesa mwayi, koma popanda lonjezo la malo m'timu kapena la ndalama. Yachiwiri inachokera ku koleji ya zaka ziwiri. Kochi wa kumeneko anali atabwera yekha kawiri kudzamuonera akusewera, ndipo analonjeza kulipira fizi ndi mabuku. Nditawerenga ndinawafunsa kuti vuto lili pati. Anapumira m'mwamba. "Achimwene, ndikawauza bwanji anthu kumudzi kuti mwana ali ku community college?"

Funso limenelo ndinalimva bwino, chifukwa nanenso ndinakulira komwe anakulira iwo. Ambirife tikukumbukira nthawi yomwe zotsatira za mayeso a Sitandade 8 zinkatuluka, mudzi wonse n'kudziwa amene wasankhidwa kupita ku Dedza, ku Blantyre Secondary kapena ku Mzuzu Government, ndi amene watsala pa sekondale yoyendera ya m'dera. Mawu oti "community" tinawaphunzira pamodzi ndi manyazi. Tinawoloka nawo nyanja manyaziwo, ndipo lero tikuwasenzetsa ana amene akukula kuno ku America, dziko lomwe zinthu zake zimayenda mwanjira ina. Pa nkhani ya baseball, manyazi amenewa akhoza kutidyera ndalama zambiri ndiponso kumuphera mwana masewera omwe amawakonda.

Ambirife sitinakule ndi masewerawa. Timadziwa Bullets ndi Manoma, timadziwa ntchembere mbaye, koma baseball tinaiphunzira titakhala pa mipando ya pabwalo Loweruka m'mawa, tikufunsa mnzathu wapafupi chifukwa chake mwana wathu wabwerera kukakhala pansi. N'chifukwa chake njira za pambuyo pa sekondale zimatisokoneza. Pali bungwe la NCAA lomwe lili ndi magawo atatu, Division I, II ndi III, onse a masukulu a zaka zinayi. Pali NAIA, ya makoleji ang'onoang'ono a zaka zinayinso, monga Bethel University ku Mishawaka yomwe anzathu a ku South Bend amaidziwa. Kenaka pali makoleji a zaka ziwiri omwe ana amangowatchula kuti JUCO. Ambiri mwa amenewa ali pansi pa NJCAA, ngakhale California ili ndi bungwe lakelake, chimodzimodzinso Washington ndi Oregon komwe kuli NWAC.

Mwa anyamata 100 aliwonse osewera baseball ku sekondale, osafika 10 ndiwo amakasewera ku NCAA, ndipo okafika ku Division I ndi awiri kapena atatu. Choncho mwana wanu akalandira kalata yochokera kwa kochi aliyense, wa gawo lililonse, wachita bwino kale. Muuzeni zimenezo musanayambe kufunsa dzina la sukulu.

Tiyambe ndi ndalama, pakuti apa ndi pomwe makolo ambiri timadzinamiza. Timamva mawu oti sikolashipu n'kuganiza kuti zonse zalipiridwa. Kwa zaka zambiri timu ya baseball ya Division I inkaloledwa masikolashipu 11.7 okha, pa timu ya anyamata oposa 30. Wosewera wabwino ankalandira gawo limodzi mwa magawo anayi, mwina theka, zotsalazo n'kugwera makolo. Chaka cha 2025 zinthu zinasintha khothi litavomereza mgwirizano wothetsa mlandu wa House. Masukulu amene analowa m'dongosolo latsopanoli tsopano atha kupereka sikolashipu kwa wosewera aliyense, koma timu isapitirire anthu 34, pomwe m'zaka zapitazi inkafika 40. Kuloledwa kupereka si kupereka. Mayunivesite olemera ndiwo akuwonjezera ndalama, pomwe ena ambiri thumba lawo ndi lomwe lija, ndipo malo achepa. Amene akuvutika kwambiri ndi mnyamata wongobwera kudzayesa mwayi, ngati mwana wa bambo aja. Ku Division II malire ndi masikolashipu 9, ku NAIA ndi 12, ndipo ku Division III kulibe sikolashipu ya masewera, ngakhale kuti mwana wokhoza bwino m'kalasi atha kupeza thandizo lalikulu kudzera m'maphunziro kapena potengera zomwe banja limapeza. Njira imeneyi timaiyiwala kawirikawiri, chonsecho ana athu ambiri amakhoza.

Ku JUCO nakonso kuli magawo. Gawo loyamba la NJCAA limalola masikolashipu mpaka 24, ndipo atha kulipira fizi, mabuku, malo ogona ndi chakudya. Gawo lachiwiri limalekera pa fizi ndi mabuku. Lachitatu silipereka kanthu, ndipo makoleji a boma a zaka ziwiri ku California nawonso sapereka. Komabe mtengo wake pawokha ndi wotsika. Fizi ya koleji ya zaka ziwiri ya m'dera lanu imakhala pafupifupi madola 4,000 pachaka, pomwe yunivesite ya boma m'chigawo chanu ili cha m'ma 11,000 kapena 12,000, ya chigawo china cha m'ma 30,000, ndipo yomwe si ya boma imapitirira 40,000, osawerengera pogona ndi chakudya. Ife tikudziwa momwe ndalamazo zimapezekera. Ena mwa ife timagwira mashifiti awiri m'nyumba zosamalira okalamba, ena timayendetsa magalimoto usiku wonse, ndipo pa malipiro omwewo pali fizi ya mwana wa mlongo ku Zomba ndi feteleza wa agogo mwezi wa November. Kutenga ngongole ya madola masauzande makumi angapo kuti mwana akavale yunifomu ya sukulu yotchuka koma akukhala pabenchi, kumeneko n'kudzipweteka, ndipo ngongoleyo kawirikawiri amadzaisenza ndi mwanayo.

Benchiyo ndiyo nkhani yachiwiri, ndipo kwa mnyamata wa zaka 18 ndiyo yaikulu koposa. Kuyambira 2018 kuli kaundula wotchedwa transfer portal, momwe wosewera wofuna kusintha sukulu amalembetsa dzina lake, ndipo malamulo a kusamuka akhala akufewetsedwa mpaka 2024 pomwe kunaloledwa kusamuka kangapo popanda kukhala kaye chaka osasewera. Zotsatira zake n'zakuti kochi wa Division I akafuna woponya mpira kapena womenya, sadikiranso kuti mwana wochokera ku sekondale akule. Amangotenga mnyamata wa zaka 21 kapena 22 amene wasewera kale kwina. Kochi naye ali pa ntchito, akapanda kupambana amachotsedwa. Mwana wathu amafika mwezi wa August ali ndi chimwemwe, n'kupeza kuti pamalo pake pali akuluakulu atatu. Baseball ndi masewera ofuna kubwereza. Womenya amakula pokumana ndi oponya ambiri, woponya amakula poponya pa masewera enieni, mtima ukugunda. Zimenezi siziphunzirika utakhala pansi. Ku JUCO kulibe wa chaka chachitatu kapena chachinayi, ndiye chaka chilichonse pafupifupi theka la timu limachoka ndipo malo amatseguka. Ndipo musaganize kuti mpira wake ndi wachibwana. Amene muli ku Texas pitani mukaonere San Jacinto, Blinn kapena McLennan, amene muli ku Michiana, dera lozungulira South Bend, mukaonere Kellogg ku Battle Creek. Chaka chilichonse matimu opambana a gawo loyamba la NJCAA amakakumana ku Grand Junction, Colorado, monga momwe a Division I amakumanirana ku Omaha, ndipo ofufuza osewera amadzadza kumeneko.

Palinso lamulo lina lomwe makolo ambiri salidziwa. Mnyamata akalowa yunivesite ya zaka zinayi, matimu a ligi yaikulu ya MLB sangamusankhe mpaka atatha zaka zitatu kapena atakwanitsa zaka 21. Wa ku JUCO atha kusankhidwa pakutha pa chaka choyamba kapena chachiwiri. Bryce Harper anadzera njira imeneyi, anasewera ku College of Southern Nevada ndipo mu 2010 anakhala woyamba kusankhidwa m'dziko lonse. Albert Pujols, mwana wa banja lobwera kuchokera ku Dominican Republic, anasewera ku Maple Woods Community College ku Kansas City, St. Louis Cardinals n'kumutenga mochedwa pa ulendo wa 13 wa masankho a 1999, ndipo anapuma atamenya ma home run 703. Jackie Robinson, amene mu 1947 anatsegulira anthu akuda khomo la ligi yaikulu, anayamba ku Pasadena Junior College asanapite ku UCLA. Maina amenewa ndawatchula pofuna kuchotsa manyazi basi. Asatipatse maloto opitirira muyeso. Masankho a MLB anali ndi maulendo 40 mpaka 2019, lero ali ndi 20 okha, ndipo munthu woyamba wobadwira ku Africa kusewera mu ligiyi, Gift Ngoepe wa ku South Africa, anafikako mu 2017 atakhala zaka zambiri m'matimu ang'onoang'ono a Pittsburgh Pirates. Mwana wanu ndi wanga, mwachidziwikire, adzadya za digiri.

N'chifukwa chake sindikufuna kuti wina amve ngati ndikuti JUCO ndi yabwino kwa aliyense. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Makochi ena amaitana anyamata ochuluka kwambiri mwezi wa August, kenaka n'kuchepetsa timu nyengo isanayambe, ndipo mwana amene anauzidwa mawu okoma pafoni amapezeka alibe malo. Makoleji ambiri a mtundu umenewu ali m'matauni ang'onoang'ono akutali, ena alibe nyumba zogona, ndipo mwana wathu atha kukhala yekha wakuda m'kalasi, kutali ndi mpingo, kutali ndi nsima ya mayi ake. Akatha zaka ziwiri ayenera kusakanso sukulu, ndipo zaka zomwe wasewera ku JUCO zakhala zikuwerengedwa pa zaka zinayi zomwe NCAA imalola. Choopsa kwambiri ndi maphunziro. Mwana akamangosankha makalasi osavuta kuti aziloledwa kusewera, amadzapeza kuti yunivesite yomwe akupita siikuwalandira makalasiwo, zaka ziwiri n'kupita pachabe. Amene akufuna unamwino, uinjiniya kapena udokotala ayenera kufunsa bwino ngati nthawi ya labu siziwombana ndi nthawi ya masewera, chifukwa kuyambira February mpaka May timu imakhala pa msewu. Ndipo ngati mwana wanu wakhwima kale, kochi wa yunivesite ya zaka zinayi akumufunadi, ndalama zalembedwa papepala ndipo maphunziro omwe akufuna aliko, mulekeni apite. Palibe chifukwa chozungulira.

Safunsa anadya phula. Mukapita kukaona sukulu, pitani nokha, musangotuma mwana ndi makolo a mnzake. Ife Amalawi tinaleredwa kulemekeza aphunzitsi, ndipo timaona ngati kufunsa kwambiri ndi mwano, koma kuno kochi amayembekezera mafunso. Mufunseni kuti chaka chatha anayamba ndi anyamata angati ndipo anatsala angati. Mufunseni kuti pamalo omwe mwana wanu amasewera pali angati. Ngati ndi JUCO, akuonetseni komwe anapita anyamata amene anamaliza chaka chatha, sukulu ndi sukulu. Funsani chomwe chimachitika ndi sikolashipu mwana akavulala chigongono, pakuti masikolashipu ambiri ndi a chaka chimodzi chimodzi. Mukachoka kwa kochi, lowani mu ofesi ya zamaphunziro mufunse mayunivesite omwe ali ndi mgwirizano wolandira makalasi awo, ndiponso mu ofesi ya zachuma akulembereni ndalama yeniyeni yomwe banja lidzatulutse pachaka.

Pali zinthu ziwiri zomwe zimatikhudza ife obwera mwapadera. Mwana wofuna Division I kapena II ayenera kulembetsa ku NCAA Eligibility Center ndi kukhala ndi makalasi ofunikira 16 a ku sekondale, ndi GPA yosachepera 2.3 ku Division I kapena 2.2 ku Division II. Amene anayamba Fomu 1 kapena Fomu 2 ku Malawi adzafunika zikalata za kusukulu yake yakale, ndipo tonse tikudziwa kuti kuzipeza kumatenga miyezi. Yambani lero. Chachiwiri ndi mapepala okhalira m'dziko muno. Thandizo la boma lodzera mu FAFSA limapita kwa nzika, kwa amene ali ndi green card ndi magulu ena ochepa, osati kwa amene ali pa viza ya ophunzira. Banja lomwe mapepala ake sanalongosoke likhale pansi ndi munthu wodziwa malamulo mwana asanasaine chilichonse.

Bambo aja ndinawapempha chinthu chimodzi, kuti amufunse mwanayo komwe iye akufuna kupita ndi chifukwa chake, iwo atakhala chete mpaka amalize. Ana athu amamva zambiri kwa anzawo zomwe ife sitizidziwa, koma ambiri amaopa kutikhumudwitsa, ndipo amasankha sukulu ya dzina kuti atisangalatse. Pempho lomwelo ndikulipereka kwa inu nonse. Ndipo inu amene ana anu anadutsa kale njira zimenezi, kaya ku JUCO, ku NAIA kapena ku NCAA, bwerani ku msonkhano wathu wotsatira pamodzi ndi anawo, mudzauze makolo anzanu zomwe munalipira, zomwe munalonjezedwa ndi zomwe munapeza mutafika.