Laputopu yanu sinafe, ndi Windows imene yakusiyani panjira

Pa 14 Okutobala 2025, kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10. Kompyuta imayakabe, koma zigamba zotseka mipata yolowera mavairasi sizikubweranso, pokhapokha mutalembetsa ndondomeko yapadera imene nayonso ili ndi malire. Anthu amene anazolowera Windows kuyambira nthawi ya XP akudandaula, ndipo ine ndili mbali yawo.

Windows 11, imene inatuluka mu 2021, imafuna kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0 komanso purosesa yatsopanoko. Ngati ndi ya Intel, ikhale ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo. Malaputopu ambiri akaunjika amene timagula ku Limbe safika pamenepo. Ndiye taganizani za kalaliki wa pa esiteti ya tiyi kuno ku Thyolo, amene ntchito yake ndi kulemba makilogalamu a masamba othyoledwa tsikulo. Makina ake amaikwanitsa ntchitoyi bwinobwino. Agule atsopano chifukwa chiyani, pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ndipo katundu wochokera kunja anakwera mtengo?

"Koma aphunzitsi, yathu ija ikuchedwa zedi," mutero. Chabwino, tiyeni ku fizikisi.

Mphamvu ya magetsi imene purosesa imadya imasanduka kutentha, pafupifupi yonse. Kutenthako kumadutsa m'kapaipi ka kopa mpaka pa tizitsulo topyapyala, pomwe fani imakuuluzira kunja. Fumbi la m'misewu ya m'minda ya tiyi likaunjikana pamenepo, limakhala ngati bulangeti: mpweya sudutsa. Purosesa ikatentha kwambiri imachepetsa yokha liwiro kuti isapse. Inu n'kumati yakalamba, chonsecho yangobanika! Enanu mumaonera mafilimu laputopu ili pamatiresi, mabowo onse otsekeka. Lekani zimenezo.

China ndi hard disk. M'kati mwake muli kambale kamene, m'malaputopu ambiri, kamazungulira maulendo 5,400 pa mphindi. Gawani ndi 60, mupeza 90 pa sekondi. Zikumveka zothamanga, eti? Komabe kamkono kowerenga kamayenera kusuntha, n'kudikira kuti malo ofunikawo afike. SSD ilibe chozungulira, muli magetsi okhaokha, n'chifukwa chake makina akale amadzuka mukaikamo. Batire nayo imafooka ndi kutentha komanso kutchaja kambirimbiri, koma imagulidwa payokha.

Nanga Windows? Ilipo njira ina: Linux, yaulere. Mtundu wake wina wotchuka ndi Ubuntu, umene Mark Shuttleworth wa ku South Africa anayambitsa mu 2004. Dzinalo ndi umunthu womwewu timaudziwa. Linux Mint ndiyo imaoneka pafupi ndi Windows, ndipo sifunsa za TPM.

Sindikunamizani kuti zonse n'zofewa. Microsoft Word siyenda mwachindunji pa Linux. M'malo mwake muli LibreOffice, ndipo nthawi zina zolemba zimasokonekera maonekedwe mukazitumiza kwa wa Windows. Mapulinta ena amavutanso. N'chifukwa chake muyambe mwaiyesa kuchokera pa fulashi musanafufute kanthu. Bandulo ikavuta, mmodzi atsitse, kalasi yonse ikopere fulashi yomweyo. Malamulo a Linux amalola zimenezo.

Laputopu yoyenera kusintha ndi imene motherboard yake yapsa kapena yalowa madzi, chifukwa kukonza kwake nthawi zambiri kumayandikira mtengo wa ina yakaunjika. Ngakhale pamenepo, chotsanimo SSD ndi RAM musanaisiye.