Kodi A Kopolo Sayenera Ulemu?

Anzanga ndi aphunzitsi athu, ndiloleni ndiyankhe mau amene mnzanga wina wa Fomu 3 ananena pa mtsutso wathu wa mwezi watha. Iye anati asilikali a Keyala, ndiye King's African Rifles, sayenera ulemu pakuti anamenyera atsamunda nkhondo yosatikhudza. Ambiri anaomba m'manja. Ine ndinangoti chete, koma mtima unandiwawa, chifukwa bambo ao a agogo anga aakazi anali mmodzi wa asilikaliwo. Pa Ntcheu anthu ankangowatchula kuti a Kopolo.

Iwo anatengedwa ali mnyamata, mfumu itatchula dzina lao pabwalo. Anaphunzira perete ku Zomba, ndipo m'chaka cha 1944 anali ku Burma m'gulu la 11th East African Division, limene linatsika chigwa cha Kabaw mvula iri mkati kufikira mtsinje wa Chindwin, kupirikitsa Ajapani. Agogo amati a Kopolo sankakonda kusimba za mfuti ai. Ankasimba za matope, misundu, malungo, ndi za mnzao wa ku Mulanje amene anamkwirira m'nkhalango popanda ndi mtanda womwe.

Tsono mnzangayo sananame m'zonse. Boma la Angerezi silinawachitire chilungamo. Mapepala amene anaululika mu 2019 aonetsa kuti nkhondo itatha mu 1945, msilikali wamba wachizungu ankapatsidwa mashilingi 10 pa mwezi uliwonse umene anatumikira, pamene wakuda ankapatsidwa atatu ndi theka basi. Koma kodi munthu woberedwa ndiye tizimnyoza? Ine ndiyesa kuti mlandu uli ndi wogawa uja.

Ndipo taonani chimene anachita nato tindalamato. Ataphatikiza ndi zimene anasunga pa malipiro ao, anagula makina osokera a Singer, nakhala pa khonde la sitolo ya Mmwenye zaka zambirimbiri. Makina amenewo ndiwo anaphunzitsa ana ao asanu ndi awiri, aakazi omwe, m'masiku amene anthu ankati sukulu ya mtsikana ndi mtondo. Agogo anga anakhala mphunzitsi chifukwa cha iwo.

Sindinena kuti anali mngelo. Ankadzutsa ana tambala woyamba ngati ali ku baraki, ndipo wochedwa pa chakudya ankagona ndi njala. Masiku ena ankafuula m'tulo, akazi ao nawagwira mkono kufikira mbandakucha, pakuti panalibe wodziwa kuti amenewonso ndi matenda. M'mawa mwake ankatenga sizasi ndi tepi, ulendo wa ku khonde.

Anamwalira ine ndisanayambe sukulu. Makina alipobe, ndipo mamendulo ao ali m'chitini cha tiyi pansi pa bedi la agogo. Mwezi wa November uliwonse akuluakulu amakaika nkhata za maluwa pa chipilala cha ku Zomba, koma m'kope langa la History muli Hitler ndi Churchill, Kabaw mulibe. Kotero ndipempha aphunzitsi athu atilole kuti pa tchuthi chikudzachi aliyense akafunse kwao ngati kunali wa Keyala, akalembe zimene akuluakulu akukumbukirabe, tidzawerenge m'kalasi. Mnzanga uja ndalankhula naye kale. Wakana kubweza mau ake, koma wavomera kukafunsa agogo ake ku Dedza.