Bogi Lokalamba Lipume, Koma Tione Kumene Likagone

Ena mwa awerengi adabwa kuona munthu wa ku Phalombe akulemba nkhani ya sitima, popeza m'boma lathu lino simudutsa njanji. N'zoonadi. Kuchokera ku Migowi kukafika ku Chiringa, kapena kutsikira kumadambo a nyanja ya Chilwa, simungamve kulira kwa sitima ngakhale mutatchera khutu usiku wonse. Komabe anthu athu akhala akuikwera kuyambira kale. Makolo athu ankayenda kudzera ku Mulanje kukaipeza pa Luchenza, ena ankakaikwerera ku Limbe, ndipo amalonda a matemba amaidziwa bwino njanji ya ku Nayuchi, kumpoto kwa nyanja yathu yomweyi. Matenda nawonso sayang'ana malire a boma. Amene wawatenga m'sitima amadzatsika nawo pamsika wathu, n'kudzagona pabedi la chipatala chathu. N'chifukwa chake ndikamva anthu akukambirana zopumitsa mabogi akale onyamula anthu, ndimaona kuti nafe a zaumoyo tiyenera kuyankhulapo.

Maganizo anga ndi akuti bogi lokalamba lichotsedwe panjanji. Sindikunena izi chifukwa cha utoto wosuluka kapena mipando youma. Ndikunena chifukwa cha chimbudzi chake.

Ndinakwera sitima koyamba ndili mwana wa Sitandade 3, paulendo wochokera pa Luchenza kukaona abale ku Sandama pamodzi ndi anganga. Tili m'kati mwa ulendo ndinapempha kukadzithandiza, ndipo anandiperekeza kukachipinda kakumapeto kwa bogi. Nditasuzumira m'dzenjemo ndinaona miyala ikuthamanga pansi.

"Anganga, dzenjeli lilibe pothera!" ndinafuula motero.

"Gwiritsa chitsulocho, iwe, ungatsale panjira," anayankha akuseka.

Ndinaseka nawo, ndipo nditabwerera kumudzi ndinasimbira anzanga kwa mwezi wathunthu. Panapita zaka zambiri ndisanazindikire, ndili pamaphunziro a zaukhondo, kuti chimene chinandiseketsa tsiku limenelo ndi chomwe ife timalimbana nacho m'midzi tsiku ndi tsiku. Chimbudzi cha mtundu umenewo, chimene chinali m'mabogi akale pafupifupi m'maiko onse, sichisunga kanthu. Chimangogwetsa zonyansa pakati pa njanji, paliponse pamene sitima yafika. Kunena mosabisa, amene walowa mmenemo wachita chimbudzi patchire, kungoti wachita ali paliwiro, ndiponso walipira tikiti.

Amene anapanga mabogi amenewa sanali opusa. Anawapangira dziko la masiku awo. Njanji yochokera ku Nsanje, kumene nthawi imeneyo kunkatchedwa Port Herald, inafika ku Blantyre m'chaka cha 1908, ndipo inapitirira mpaka ku Salima mu 1935. Ya ku Nayuchi, yopatukira pa Nkaya, inatsegulidwa mu 1970. M'zaka zimenezo mbali yaikulu ya njanji inkadutsa m'thengo, ndipo dzuwa ndi chiswe zinkamaliza ntchito yotsalayo. Koma taonani kusintha kwake. Pakalembera wa 1977 m'dziko muno munapezeka anthu okwana 5.5 miliyoni, pakalembera wa 2018 anaposa 17.5 miliyoni. Pamene panali thengo lero pali nyumba, madimba a masamba, zitsime ndi sukulu. Njanji inasanduka njira ya ana opita kusukulu, ambiri a iwo osavala nsapato, ndiponso ya amayi osenza ndowa.

Tsono tiyeni titsate zimene zagwa pansizo. Ngati wapaulendo ali ndi njoka za m'mimba, mazira ake amatsala m'dothi, amaswa, ndipo tiana ta mtundu wina wa njokazi timaboola khungu la phazi la mwana wodutsa pamenepo. Ngati ali ndi kamwazi kapena taifodi, ntchentche imatera pamenepo n'kukatera pa zitumbuwa ndi nthochi zimene zikugulitsidwa pasiteshoni yotsatira. Mvula ikagwa, madzi amakokolola zonsezo kupita nazo kuchitsime chosatetezedwa. Ndiye pali milatho. Njanji ya kumwera imatsata chigwa cha mtsinje wa Ruo, ndipo ya ku Nayuchi imawoloka Shire pa Liwonde. Mkodzo wa munthu wodwala likodzo ukagwera m'madzi momwe muli nkhono, matendawo apeza poyambira, ndipo amene adzasambe kumunsi sadzadziwa konse kuti pamwamba panadutsa ndani.

Za kolera sindifunika kukumbutsa munthu wa kuno. Matendawa anafika m'Malawi koyamba mu 1973, ndipo ife okhala pafupi ndi nyanja ya Chilwa takhala tikukumana nawo kawirikawiri. Mliri umene unayambira m'boma la Machinga m'mwezi wa Malichi 2022 unafalikira dziko lonse ndipo unapha anthu oposa 1,700. Sindikunena kuti unayenda pa sitima, ayi. Chimene ndikunena n'chakuti anthu ambiri amene alowedwa ndi tizilombo ta kolera sadwala moonekera, amayenda maulendo awo bwinobwino, komabe tizilomboto timatuluka m'chimbudzi chawo kwa masiku angapo. Ife timayenda khomo ndi khomo kuuza mafumu ndi anthu awo kuti banja lililonse likumbe chimbudzi, liike chivundikiro ndi mpondagiya wosambira m'manja. Nanga tidzawayankha chiyani a gulupu akatifunsa chifukwa chake bogi likuloledwa kuchita chimene ife timaletsa mwana wa zaka zisanu?

Bogi likakalamba, zina zimatsatira. Mazenera amagwidwa ndi dzimbiri, ena osatsekuka, ena osatsekeka. Losatsekeka limangolowetsa mvula, koma losatsekuka ndi loopsa, chifukwa chifuwa chachikulu chimafala mumpweya, ndipo munthu mmodzi wotsokomola m'bogi lodzaza, paulendo wa tsiku lathunthu, amapumitsa anzake onse mpweya womwewo. Thanki ya madzi imadontha mpaka oyendetsa amaleka kuidzaza, ndipo posambira m'manja pamasanduka poikira katundu. M'ming'alu ya matabwa mumabisala nsikidzi ndi mphemvu zimene mankhwala opopera sazifikira.

Ndikudziwa chimene ambiri anganene, ndipo ndinachimvapo kwa mayi wina wogulitsa nandolo amene ndinacheza naye pamsika. Iye anati, "Bambo a zaumoyo, inu mumalandira malipiro. Ife sitima, ngakhale ikhale yothaitha, imatinyamula ndi matumba athu pamtengo woti tikwanitsa. Mukaichotsa tikwera chiyani?" Mayiyu sanalakwitse. Tinaona chimene chinachitika madzi osefukira atadula njanji ku Chiromo mu 1997: anthu a ku Bangula ndi Nsanje anatsala opanda sitima kwa zaka zambirimbiri. Kumene sitima yaleka kufika, anthu amakwera matola, kukhala pamwamba pa matumba m'lole yopanda potsamira, ndipo ife a chipatala timadziwa mmene amafikira kwa ife lole yotereyo ikagubuduzika. Woyembekezera amene akanafika kuchipatala pa sitima amachirira kunyumba. Kuchotsa bogi lakale popanda kuikapo lina n'kuchepetsa vuto limodzi pokulitsa linzake. Motero pempho langa kwa Boma, limene mu 1999 linapereka ntchito yoyendetsa njanji m'manja mwa kampani ya Central East African Railways, n'lakuti bogi latsopano liyambe lafika, lakale lichoke pambuyo, ndiponso mtengo wa tikiti ukhalebe woti mayi wa nandolo uja aukwanitse.

Pogula latsopanolo, a zaumoyo aitanidwe asanalipire ndalama, osati patsiku lodula riboni. Bogi lamakono limakhala ndi thanki pansi pake yosungira zonyansa mpaka sitima itafika pamalo ozipopera. Komatu thankiyo payokha si kanthu ngati ku Limbe kapena ku Balaka kulibe pampu ndi dzenje lolandirira, popeza thanki yodzaza imakakamiza ogwira ntchito kukhoma chitseko cha chimbudzi, kapena kukaitsegulira kuseri usiku. Dziko la India, limene sitima zake zimanyamula anthu mamiliyoni tsiku lililonse, linasankha njira ina: m'mathanki ake linaikamo tizilombo tabwino timene timadya zonyansazo n'kutsala madzi ndi mpweya, ndipo pofika 2021 linalengeza kuti laika zimbudzi zoterezi m'mabogi ake onse onyamula anthu. Vuto limene anakumana nalo kumeneko litikhudza ife apaulendo. Anthu ankaponyamo mabotolo ndi nsanza, zimbudzizo n'kumatsekeka. Kwathu kuno tikudziwana: tikaponyamo zitsononkho, makoko a nzimbe ndi majumbo. Chimbudzi cha thanki sichilandira zimenezi, ndipo ife alangizi tiyenera kuyamba kuphunzitsa anthu bogilo lisanafike.

Latsala funso limene ambiri saliganizira: kodi bogi lopumitsidwalo likagona kuti? Chizolowezi cha kulikonse n'kulikankhira kunjanji yapambali, kuseri kwa siteshoni, n'kuliiwala. Pakatha mvula ziwiri udzu umalimiza. Madzi amadikha m'thanki ndi m'zitsulo zake zokumbika, udzudzu n'kuswana. Makoswe amapeza nyumba, ana amapeza poseweretsa magalasi osweka, ndipo anthu odikira sitima amalisandutsa chimbudzi chachikulu chopanda dzenje. Pali choopsa china chosaoneka ndi maso. M'maiko ambiri mabogi opangidwa kale ankaikidwa asibesitosi m'makoma ndi m'mabuleki pofuna kuteteza kutentha. Akakhala chete savuta, koma mnyamata wofuna zitsulo zokagulitsa akaphwanya khomalo, fumbi lake limalowa m'mapapo, ndipo matenda ake, kuphatikizapo khansa, amadzaonekera patapita zaka makumi awiri kapena kuposerapo. Bogi lililonse lopumitsidwa liyenera kupimidwa ndi odziwa lisanaphwasulidwe kapena kugulitsidwa kwa wofuna kutsegulamo golosale kapena malo odyera.

Limene lapezeka lolimba siliyenera kuwola. Anzathu a ku South Africa anatisonyeza njira mu 1994, pamene kampani ya Transnet inakonza mabogi atatu n'kuwasandutsa chipatala cha maso choyenda panjanji, chotchedwa Phelophepa. Ntchitoyo inakula mpaka kukhala ndi a mano, a mankhwala ndi opima matenda osiyanasiyana, ndipo mu 2012 anawonjezera sitima yachiwiri. Ife sitingayambe ndi zazikulu chotero. Koma bogi limodzi lotsukidwa bwino, lotsekedwa dzenje lake lija, loikidwa pamaziko a simenti pafupi ndi chimbudzi chokumba ndi mjigo, lingakhale sikelo ya ana kapena pobayira katemera pasiteshoni ya kumudzi imene chipatala chili kutali. Kuno ku Phalombe, kumene namondwe wa Freddy anagwetsa nyumba zambiri m'mwezi wa Malichi 2023, pali midzi imene mlangizi wa zaumoyo amamangirira sikelo panthambi ya mango, ndipo mvula ikayamba amayi amabalalika ana asanayezedwe. Atapezeka wotibweretsera bogi limodzi pa lole kuchokera ku Limbe, malo oliikapo ndawaona kale, ndipo a mfumu a kumeneko anati mchenga ndi miyala adzatuta okha.