Katswiri wa Vayolini Amene Anasankha Kuphunzitsa

Pano pasukulu pali mawu amene ndimawamva kawirikawiri, akuti uphunzitsi ndi ntchito ya munthu amene zina zonse zamkanika. Anzanga, ine ndikana, ndipo mboni yanga ndi Joseph Joachim wa ku Hungary, katswiri wa vayolini amene anabadwa mu 1831. Vayolini ndi mbale wake wa kaligo wathu, koma ali ndi nsambo zinayi.

Mu 1844, asanakwane zaka 13, Joachim anaimba nyimbo yovuta ya Beethoven ku London, Mendelssohn akutsogolera oimba ena onse, ndipo mbiri yake inawanda. Munthu wotere akanatha kungoyendayenda m'mizinda moyo wake wonse, anthu akumuombera m'manja. Kuyendako sanaleke ayi. Koma mu 1869 anavomera kukhala mkulu wa sukulu yatsopano ya nyimbo ku Berlin, nagwira ntchitoyo kufikira imfa yake mu 1907. Kodi ameneyu tidzati analephera chiyani?

Chaka chomwecho cha 1869 anayambitsanso kagulu ka anthu anayi: awiri oimba vayolini, wina viyola, wina chelo, zimene zili ngati mavayolini aakulu a mawu onenepa. M'kagulu kotere mulibe wotsogolera woima patsogolo ndi kandodo. Yense ayenera kutchera khutu kwa mnzake, ndipo katswiri akafuna kumveka yekha, nyimbo yonse yaonongeka. Inu a m'kwaya mudziwa bwino momwe mnyamata mmodzi wokuwa asokonezera fuko lonse. Ndiganiza kuti kumvetsera kumeneku ndi kuphunzitsa ndi luso limodzi, pakuti mphunzitsi wosamva pamene wophunzira waphonya sangamthandize.

Ena adzati, "Nthawi imene anali m'kalasi, bwenzi akuimba." Inde, koma kuimba kumatha usiku womwewo. Mbale zochepa zimene anajambula mu 1903 zisunga kuimba kwa nkhalamba chabe, ndipo zimveka mwaphokoso. Tsono taonani ophunzira ake. Leopold Auer, amene anaphunzira kwa iye ku Hanover, anapita ku St Petersburg mu 1868 naphunzitsa kumeneko zaka pafupifupi 50. M'manja mwa Auer munatuluka Mischa Elman ndi Jascha Heifetz, amene dziko lonse linawadziwa. Heifetz yemweyo, atakula, anayamba kuphunzitsa achinyamata ku Los Angeles.